Njovu zopanda minyanga zachuluka: zachita kusankhidwa kapena ndi mwayi chabe?

WaKuMfuwe
Muli bwanji nonse? Ndili ndi funso kwa inu a sayansi. Ine ntchito yanga ndi yoyendetsa alendo mu paki ya South Luangwa, ndipo chimene alendo amakonda kufunsa n'chakuti bwanji njovu zazikazi zambiri kuno zilibe minyanga. Sikuti inathyoka ayi, zinabadwa choncho. Ukaiyang'ana pafupi ikamadya, pamene pamayenera kutulukira mnyanga pali khungu lamakwinya basi. Ndimawayankha kuti ndi chifukwa cha opha njovu, iwo n'kugwedeza mutu, n'kujambula. Koma ineyo yankholi silindikhutiritsa. Mfuti ingachotse bwanji mnyanga kwa mwana amene sanabadwe n'komwe?

Fomu4_Dedza
Mwina njovuzo zinaona kuti zinzawo zikufera minyanga, ndiye matupi awo anasiya kumeretsa kuti zidziteteze.

MadamBio
Iwe mwana wa Fomu 4, yankho limenelo ndakhala ndikulidula ndi cholembera chofiira kuyambira usanabadwe, ndipo pa MSCE silidzakupatsa malikisi. Thupi la njovu silidziwa kuti kunja kuli mfuti. Palibe njovu imene inasintha. Yobadwa ndi minyanga inafa ndi minyanga yake.

Achimwene a ku Mfuwe, yankho lanu ndi lolondola, kungoti mumadumpha pakati. Kuyambira kale, mfuti zisanachuluke, pa njovu zazikazi pankabadwa zochepa zopanda minyanga, ndipo zimenezi ndi za kumtundu, mayi amapatsira mwana. Wopha njovu akapeza gulu, maso ake ali pa minyanga. Chipolopolo n'chodula, sangachitayire pa njovu yopanda malonda. Ndiye za minyanga zimagwa, zopanda minyanga zimatsala n'kumabereka. Chimene chasintha ndi chiwerengero: pa njovu 100, zonyamula jini limeneli, kanthu ka kumtundu kamene kholo limapatsira mwana, ndi zingati. Kwanuko ku Luangwa anawerenga. Mu 1969 zazikazi zopanda minyanga zinali pafupifupi 10 pa 100 zilizonse. Pofika 1989, njovu zitaphedwa koopsa, zinali 38. Natural selection imene Darwin anafotokoza mu 1859 ndi yomweyi: kusiyana kulipo kale, kumapita kwa ana, ndipo pali chimene chikuchititsa kuti ena asiye ana ambiri kuposa anzawo.

Kiliniko_BT
Kuwonjezera pa za madamu, ku Gorongosa ku Mozambique nkhaniyi anaitsatira mpaka mu DNA. Nkhondo ya 1977 mpaka 1992, imene inatibweretsera othawa kwawo ku Nsanje, Ntcheu ndi Dedza ija, inapululanso njovu, chifukwa minyanga inkagulitsidwa kuti agulire zida. Njovu zinali zoposa 2,500, zinatsala pafupifupi 200. Nkhondo isanayambe zazikazi zopanda minyanga zinali 18 pa 100, itatha zinali 51. Mu 2021 Shane Campbell-Staton ndi anzake anaonetsa kuti kusintha kwake kuli pa chromosome X, chonyamula majini chimene yaikazi ili nazo ziwiri koma yamphongo chimodzi chokha, ndipo mwana wamphongo akalandira jinilo amafera m'mimba. N'chifukwa chake njovu yopanda minyanga kumeneko imabereka ana aakazi ambiri, awiri pa atatu alionse.

WaKuMfuwe
Eetu! Zamphongo zopanda minyanga siziwoneka, ndi zazikazi zokhazokha. Izi ndiye ndikawauza alendo mawa.

Mjoni_PE
Dikirani pang'ono musanakauze alendo. Ine ndili kuno ku Eastern Cape, ndipo paki ya Addo ili pafupi ndi kumene ndimagwira ntchito. Kuno zopanda minyanga ndiye zinachuluka kuposa kwanu konseko. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 zazikazi 98 pa 100 zilizonse zinalibe minyanga. Komatu njovu za ku Addo zakhala zotetezedwa kuyambira 1931, mpanda wolimba unamangidwa mu 1954. Palibe amene ankasankha za minyanga n'kumazipha zaka zonsezi. Ndiye madamu, ngati ndi mfuti, mfuti yake iti?

MadamBio
Achimwene, mwabweretsa nkhani yabwino kuposa imene ndikanasankha ndekha. Tiuzeni, pamene pakiyo inkayamba zinalipo zingati?

Mjoni_PE
Zinali 11 basi. Alimi anadandaula kuti zikuwawonongera minda, boma linalemba ganyu mlenje wina, Major Pretorius, ndipo mu 1919 ndi 1920 anapha zoposa 100. Pa zotsalazo zazikazi zinali 8, theka lake zopanda minyanga.

MadamBio
Ndiye yankho lili pa 11 pomwepo. Tiyeni ndichite monga ndimachitira m'kalasi. Thirani m'thumba nyemba zofiira ndi zoyera zochuluka mofanana, musakanize. Mukatapa ndowa yonse, zofiira ndi zoyera zibwera pafupifupi theka ndi theka. Koma pisani dzanja mutatsinzina n'kutola zinayi zokha. Mwina zofiira zitatu yoyera imodzi, mwina zonse zofiira. Zinayi zimenezo ndiye mbewu yanu ya chaka chamawa. Chaka chamawa mutolenso zinayi pa zimene mwakolola. Sipatenga zaka zambiri, mtundu umodzi utha psiti, chikhalirecho palibe nyemba imene inaposa inzake kukoma kapena kupirira chilala. Dzanja silinasankhe, linangotola.

Mbadwo uliwonse wa zamoyo ndi kutola kotereku. Njovu ina imabereka ana asanu ndi awiri, ina imathyoka mwendo isanabereke, yamphongo imodzi yaukali imakwera zazikazi zonse kwa zaka khumi. Pa gulu la zikwizikwi zoterezi zimafafanizana. Pa gulu la 11 sizifafanizana, zimakhala mbiri ya mtundu wonse. Imeneyi ndiye genetic drift. Anna Whitehouse, amene anatsatira mibadwo ya njovu za ku Addo, anapeza zomwezo, kuti kukwera kuchoka pa theka kufika pa 98 kunachitika makamaka chifukwa cha drift. Maonekedwe ndi amodzi ndi a ku Gorongosa, koma njira imene zinadzera ndi ina.

Masamu_Zomba
Pepani ndalowerera akuluakulu, pali kena kamene sikakugwirizana. Adokotala ati ku Gorongosa jinilo limapha ana aamuna. Ndiye kuti bambo aliyense wamoyo ali ndi X wabwinobwino, ndipo mayi wopanda minyanga ali ndi X mmodzi wosintha, mmodzi wabwino. Ana ake aakazi, theka lokha ndi limene lingakhale lopanda minyanga. Ngakhale amayi onse atakhala opanda minyanga, ana aakazi sangapitirire 50 pa 100. Tsono 98 ya ku Addo ingatheke bwanji? Ndiye kuti ku Addo kapatsiridwe kake ndi kena.

Kiliniko_BT
Mnyamata uyu wawerengera bwino. Ndipo ndi chifukwa chomwecho ku Gorongosa zazikazi zobadwa nkhondo itatha zinatsika kufika 33 pa 100. Jini lopha theka la ana ako aamuna ndi katundu wolemera. Linkapindula pokhapokha mfuti zikulira. Komanso minyanga si yokongoletsa, njovu imakumbira madzi, imasendera makungwa.

Fomu4_Dedza
Madamu, za nyembazo ndamva, koma kodi alipo anayesapo pa zamoyo zenizeni?

Masamu_Zomba
Ndiyankhe ndine mng'ono wanga. Peter Buri, mu 1956. Anatenga tintchentche tija timaunjikana pa nthochi yakupsa, n'kupanga magulu 107. Gulu lililonse tintchentche 16, tatimuna 8 tatikazi 8, ndipo onse anayamba ndi mitundu iwiri ya jini la mtundu wa diso, theka ndi theka. Mbadwo uliwonse ankatola 16 mosasankha kuti tikhale makolo a mbadwo wotsatira. Itatha mibadwo 19, magulu oposa theka anali atataya mtundu umodzi wa jinilo. Chokoma chake n'chakuti ena anataya uwu, ena anataya winawo, pafupifupi mofanana. Chakudya chimodzi, kutentha kumodzi, mabotolo ofanana. Kukanakhala kusankha, onse akanalowera mbali imodzi.

MadamBio
Lemba zimenezo iwe. Selection ili ndi kolowera, ukabwereza zinthu zimapitanso komweko. Drift ilibe kolowera. M'buku mwako mulinso bottleneck effect ndi founder effect, usaziope. Choyambacho ndi gulu lalikulu likapululuka n'kutsala ochepa, monga ku Addo. Chachiwiricho ndi ochepa akachoka kukayambitsa gulu kwina. Zonsezo ndi drift yomweyo, kungoti yachitika mwamphamvu nthawi imodzi.

Nachisale
Ine sindinapite patali ndi sukulu koma ndikutsatira. Madamu tandiweruzireni mlandu uwu. Chaka chatha mwezi wa Okutobala chitopa chinasesa mudzi wathu kuno ku Mitundu. M'mawa ukatsegula khola umapeza zina zagona chagada, zina zapinda khosi zikungozungulira, mapiko ali lende. Makola anatsala pululu. Tambala amene anapulumuka m'dera lathu lino ndi wanga, kameta, wa khosi lofiira lopanda nthenga uja. Anthu atayambanso kugula misoti, tambala anali yemweyo, ankayenda khomo ndi khomo. Lero anapiye ambiri m'mudzi muno ndi akameta. Tsono anthu akuti kameta safa ndi chitopa, mpaka ena akukweza mtengo. Ndi zoona?

MadamBio
Anachisale, funso limodzi lokha. Pamene chitopa chinkavuta, tambalayo anali kuti?

Nachisale
Aaa, anali kwa apongozi anga kutsidya kwa dambo, anamubwereka mu Ogasiti. Anabwera matenda atadutsa.

MadamBio
Basi mlandu watha. Tambala wanu sanagonjetse chitopa, sanakumane nacho. Akanakhala kuti anabwerekedwa wa tsumba, lero mudzi wonse ukanakhala wa tsumba, ndipo anthu akanati tsumba ndi mankhwala a chitopa. Jini la kameta limaonekera ngakhale mwanapiye atalandira kwa kholo limodzi lokha, n'chifukwa chake lafalikira mooneka chonchi. Apa ndi pamene anthufe timagwera. Tikaona chinthu chachuluka timathamangira kunena kuti chili ndi ntchito, chili ndi mphamvu. Nthawi zina chinangokhala kutsidya kwa dambo tsiku la tsoka.

Mlangizi_Shire
Madamu ndikugwirizana nanu pa za chitopa, koma musamupeputse kameta. Nkhuku siituluka thukuta, imataya kutentha popuma ndi pakhungu. Kameta ali ndi nthenga zochepa thupi lonse, osati pakhosi pokha, ndiye kukatentha amapirira, amadya, amaikira. Kuno ku Chikwawa mu Novembala, nkhuku zina zili kukamwa yasa pansi pa nkhokwe, kameta akupalasa. Ndiye kunoko kuchuluka kwake kukhoza kukhala kusankha kwenikweni.

Anachisale, uzani anzanu asadalire khosi. Katemera wa chitopa wa I-2 alipo, wodontheza m'diso, ndipo ndi wotchipa kuyerekeza ndi nkhuku imodzi. Komanso tambalayo asinthidwe, apo ayi ayamba kukwera ana ake omwe.

MadamBio
Alangizi mwanena zoona, ndipo sizikutsutsana. Jini limodzi, ku Mitundu lakwera mwa mwayi, ku Chikwawa likhoza kukwera chifukwa cha dzuwa. Kuyang'ana nkhuku kokha sikungakuuze kuti ndi ziti. Uyenera kuwerenga: akameta ndi anthenga okhala khola limodzi, matenda kapena kutentha kukabwera, afa angati mbali iyi, angati mbali iyo, ndipo osati mudzi umodzi wokha.

Mkulu_waMpingo
Ndakhala chete ndikuwerenga. Mukuyamba ndi njovu ndi nkhuku koma ndikudziwa kumene mukupita, mukufuna kutifikitsa pa za anyani zija. Njovu yopanda mnyanga ndi njovube. Kameta ndi nkhukube.

Kiliniko_BT
Bambo, inenso Lamulungu ndimakhala pa benchi yakutsogolo. Amene anatulukira malamulo a kapatsiridwe ka majini, Gregor Mendel, anali wansembe, ankalima nsawawa kuseri kwa nyumba ya ansembe ku Brno. Zimene tikukambazi ndi kusintha kwa chiwerengero cha majini pa gulu, chinthu chowerengeka ndi maso. Ndipo kuchipatala tikachinyalanyaza timaika ana m'manda, ndifotokoza posachedwa.

Admin
Za chiyambi cha munthu zili ndi ulusi wake, tinakangana kale mpaka ena anatuluka pagulu. Pano tikhale pa mutu. Abambo a ku Chembe akhala akulemba n'kufufuta, tiyeni tiwamve.

Bwato_Chembe
Zikomo a admin, foni ikuvuta. Ine ndimanyamula alendo pa boti kupita ku Thumbi ndi Domwe. Mbuna ndimazidziwa kuyambira ndili mwana. Nsomba zimenezi sizichoka pamiyala. Pamene miyala yathera n'kuyamba mchenga, mbuna imabwerera, ngati pali mpanda. Yaikazi imasunga mazira m'kamwa, ana akaswa imawalavulira m'ming'alu ya miyala yomweyo. Tsono ukapita ku Chinyankhwazi kapena Chinyamwezi, timiyala tating'ono pakati pa nyanja, umapeza mbuna zimene kwina kulikonse kulibe. Ngakhale mtundu umodzi, yamphongo ya chilumba ichi zipsepse zake zachikasu, ya chilumba icho zabuluu. Madzi ndi amodzi, ndere zake ndi zomwezo. Ndiye pamenepa ndi ziti?

MadamBio
Bambo, mwafotokoza mabotolo a Buri aja, koma a m'nyanja yathu. Mulu uliwonse wa miyala ndi gulu lakelake, lotalikirana ndi linzake chifukwa cha mchenga ndi madzi akuya. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba za banja limeneli la mbuna ndi mcheni yoposa 500, ena amawerenga kupitirira 800, ndipo ndi chifukwa chake UNESCO inaika paki ya ku Cape Maclear pa mndandanda wake mu 1984. Ine ndimazigawa chonchi. Pakamwa ndi mano, kumeneko ndi selection yosakayikitsa: mbuna ya Labeotropheus ili ndi mphuno yolendewera ndi kamwa loyang'ana pansi kuti izipala ndere itagona pamwala, mcheni uli ndi mano osongoka ogwirira usipa. Za chikasu ndi buluu wa zamphongo uja, kwakukulu ndi zazikazi zimene zimasankha wozikwatira, ndipo imeneyonso ndi selection. Koma chilumba chatsopano chikalandira nsomba zochepa zosochera, zimene zabwera nazo ndi zomwezo, ndipo zazikazi za kumeneko zisankha pa zimene zilipo. Mwayi umayala poyambira, kusankha n'kupitiriza.

Masamu_Zomba
Madamu apo mwazembako pang'ono. Mwangoti zonse zilipo.

MadamBio
Chifukwa zonse zilipodi, mwana wanga. Fisher ndi Sewall Wright, akatswiri a masamu kuposa iwe ndi ine, anakangana za kulemera kwa selection ndi drift kuyambira m'ma 1930 mpaka Fisher anamwalira osagwirizana. Ukufuna ine ndimalize pa foni ya batire 12 peresenti?

Kiliniko_BT
Haha. Tsono ndifotokoze ya kwathu kuchipatala, chifukwa Malawi ali m'mabuku a dziko lonse pa nkhani imeneyi ndipo ambiri sitidziwa.

Akuluakulu mukukumbukira klorokwini. Wowawa, ndipo ambirife ankatiyabwitsa thupi lonse usiku, m'manja ndi kumapazi, munthu kumadzikanda ndi chitsononkho. Koma ankachiza. Kenako anayamba kulephera. Anthu ankati tizirombo tazolowera mankhwala, koma kachirombo sikazolowera kanthu, ndi nkhani ya njovu ija. Kumalire a Thailand ndi Cambodia, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, kunapezeka tizirombo ta malungo tokhala ndi kusintha pa jini lotchedwa pfcrt, kumene kumathandiza kachirombo kutulutsa mankhwalawo m'thumba lake logayira chakudya. Mtundu umenewu unafika kum'mawa kwa Africa cha mu 1978. Kuno klorokwini anali paliponse, m'chipatala, m'golosale, pa mutu uliwonse wowawa. Aliyense womumwa ankapha tizirombo tofooka n'kusiyira malo tolimbato, udzudzu n'kutinyamula kupita nato kwa mnansi. Pofika 1992, ku Blantyre, 85 pa 100 ya odwala malungo amene anayezedwa anali ndi mtundu wosamva mankhwalawo.

Mu 1993 Malawi anakhala dziko loyamba kum'mwera kwa Sahara kuchotsa klorokwini n'kuika fansida. Ndiye tamverani chimene chinachitika. Pofika 2000 mtundu wosamva uja unatsika kufika 13 pa 100. Mu 2001 sunapezekenso pa amene anayezedwa. Mu 2005 Miriam Laufer ndi anzake anayesa klorokwini pa ana odwala malungo ku Blantyre: anachiza 99 pa 100, pamene fansida anachiza 21 okha.

Nachisale
Ha! Ndiye tizirombo tinaiwala?

Kiliniko_BT
Ayi mayi, sitinaiwale. Kusintha kuja kuli ndi mtengo wake. Kachirombo kokhala nako kamakula movutikirapo poyerekeza ndi kachibadwidwe kakale. Klorokwini alipo, mtengowo ndi wolipirika chifukwa anzako onse akufa. Klorokwini atachoka, watsala ndi ngongole yokha, ndipo takale tija timakupitirira. Atayeza DNA anapeza kuti tobwererato sitinali banja limodzi, tinali mabanja ambirimbiri amene anapulumuka zaka zonse zija mwa anthu amene sankamwa mankhwala, makamaka akuluakulu onyamula tizirombo osadwala. Zimenezi zinatheka chifukwa malungo kuno ndi ochuluka, gulu la tizirombo ndi lalikulu zedi. Kumene malungo ndi ochepa, monga madera ena a ku South America, mtundu wosamva unafika pa 100 pa 100, wakale unatheratu, ndipo panalibenso wobwerera.

Masamu_Zomba
Ndiye nkhani ya kukula kwa gulu yabweranso. Gulu lalikulu limasunga mitundu yosowa, laling'ono limaitaya.

Koma pali china chimene chinandidabwitsa titaphunzira. Ngakhale pa gulu lalikulu, jini latsopano limayamba lili mwa mmodzi yekha, ndiye poyambapo lili m'manja mwa mwayi. Katswiri wina, Haldane, anawerengera mu 1927: jini lopatsa mwini wake phindu la 1 peresenti lili ndi mpata wa pafupifupi 2 peresenti wofalikira gulu lonse. Kunena kwina, pa majini abwino 100 otere, 98 amatayika, osati chifukwa ndi oipa. Kachirombo kolimba kaja kakhoza kubadwa mwa munthu amene udzudzu sunamulume sabata imeneyo, kapena udzudzu wake wambandidwa pakhoma. Nkhani yathera pompo.

Kiliniko_BT
N'chifukwa chake kusamva klorokwini kunabuka malo owerengeka okha pa dziko lonse, ngakhale anamwedwa ndi anthu mamiliyoni. Kuno ku Africa sikunabadwire kuno, tinachita kulandira kuchokera ku Asia.

Fomu4_Dedza
Nanga sickle cell? Aphunzitsi athu anati ndi selection, koma ndi matenda. Chilengedwe chingasankhe bwanji matenda?

MadamBio
Sichisankha matenda, chimawerenga ana opulumuka. Wolandira jinilo kwa kholo limodzi sadwala sickle cell, ndipo amatetezeka kwambiri ku malungo aakulu opha ana. Anthony Allison anaonetsa zimenezi kum'mawa kwa Africa mu 1954. Wolandira kwa makolo onse awiri ndiye amadwala. Makolo awiri onyamula, mimba iliyonse ili ndi mpata umodzi pa inayi. Malungo amalikweza jinilo, matendawo amalitsitsa, limaima pakati. Ndipo ona, m'banja limodzi la ana anayi akhoza kudwala atatu kapena osadwala ndi mmodzi yemwe. Mmodzi pa anayi amaoneka bwino ukawerenga mabanja chikwi.

Mjoni_PE
Kubwerera ku nyama pang'ono. Kuno ku Addo anadzabweretsa njovu zamphongo kuchokera ku Kruger kuti magazi asakanikirane. Kwathunso ndikuona African Parks ikuchita zofanana. Mikango itatu imene anayambira nayo ku Majete mu 2012 anadzawonjezera ina pambuyo pake, ndipo ma cheetah a ku Liwonde anayamba anayi mu 2017. Poyamba ndinkaona ngati kuwononga ndalama kukweza nyama ndege.

Masamu_Zomba
Ndi mankhwala a drift amenewo achimwene. Pa gulu laling'ono, ngakhale jini loipa pang'ono likhoza kufalikira chifukwa selection ilibe mphamvu yolichotsa, phokoso la mwayi limaposa. Wright anawerengera kuti ngakhale mlendo mmodzi wobereka pa mbadwo uliwonse amachepetsa kwambiri kupatukana kwa magulu. Ndipo madamu, ine ndili mbali ya katswiri wina, Kimura. Mu 1968 ananena kuti ukatsika pa DNA penipeni, kusintha kochuluka sikupindulitsa kapena kupweteka, kumangoyandama mwa mwayi.

MadamBio
Pa DNA ndikuvomera. Koma diso, phiko, mano a mcheni, zimenezo mwayi wokha sungamange. Drift imataya ndi kusunga mwachisawawa, siilumikiza chinthu chogwira ntchito.

Nachisale
Adokotala, funso langa ndi la mayi wa ana. Ngati klorokwini wayambanso kugwira, bwanji osatibwezera? Ndipo LA ameneyu nayenso adzatha mphamvu?

Kiliniko_BT
Mayi, chonde musakagule klorokwini wa malungo. Mtundu wosamva uja ulipobe m'maiko ena, anthu ndi udzudzu sadziwa malire, ndipo tikangomubwezera yekha tiuitananso, mwachangu kuposa poyamba chifukwa ulipo kale, sukufunika kuchita kubadwa. Mwana akatentha thupi, kukayezetsa, akapezeka nawo ndi LA.

LA tinamuyamba mu 2007 fansida atalephera, ndipo muli mankhwala awiri dala, artemether ndi lumefantrine. Munthu wodwala kwambiri amanyamula tizirombo mabiliyoni, ndiye mpata woti kamodzi kakhale ndi kusintha kopirira mankhwala amodzi ulipo. Koma kuti kamodzi komweko kapirire onse awiri, mipata iwiri ing'onoing'ono ija umaichulukitsa, imachepa kwambiri. Artemether amapha mwachangu n'kuchoka m'magazi pa maola ochepa, lumefantrine amatsala masiku angapo kusesa totsala. N'chifukwa chake timati kumwa kasanu ndi kamodzi pa masiku atatu, ndi chakudya cha mafuta pang'ono kapena mkaka kuti lumefantrine alowe bwino. Mwana akayamba kusewera tsiku lachiwiri inu n'kusunga mapiritsi otsala kuti adzathandize wina, totsala m'magazimo ndi tolimbirapo tija, ndipo udzudzu wa usiku umenewo utenga tomweto.

Za kutha mphamvu, zizindikiro zayamba kale. Kusintha pa jini la kelch13, kumene kumachedwetsa artemether ndi mankhwala ena a banja lake la artemisinin kupha tizirombo, kunalengezedwa ku Rwanda mu 2020, kenako Uganda, Eritrea ndi Tanzania. Ndipo ulendo uno sikunachokere ku Asia, kunabadwira mu Africa momwe muno.

Nachisale
Mapiritsi otsala ali m'kabati mwanga pano, a mwana wa mchemwali wanga. Ndiwatani?

Kiliniko_BT
Musampatse wina aliyense. Kawasiyeni ku chipatala cha pafupi, ndipo mwanayo akatenthanso thupi m'masabata akubwerawa apite naye msanga, akanene kuti mankhwala sanamalize. Ndikulowa ntchito ya usiku, mafunso ena ndiyankha mawa.